Tifunseni: Masiku Okumbukira Wailesi Yakale ndi Chiyambi cha Kanema

Mwezi uno makalata ambiri amene atipeza akufunsa za mbiri ya wailesi ndi ya wailesi yakanema, ndipo zimenezi sizikundidabwitsa, popeza kuyambira mu 2020 nyumba zingapo zoulutsira mawu zakhala zikuchita zikondwerero zokumbukira zaka 100, ndipo iliyonse imadzitchula kuti ndiyo inayamba. Ndasankhapo makalata asanu ndi awiri, ena ndawadulako kuti akwane pa tsamba lino, koma funso la mwini kalata sindinalisinthe.

Funso: Akonzi, mu 2020 ndinamva kuti wailesi yakwanitsa zaka 100, mu 2022 a BBC nawonso anachita chikondwerero cha zaka 100, ndiye chaka chilichonse pa 13 Febuluwale timauzidwa kuti ndi tsiku la wailesi. Kodi tsiku lenileni limene wailesi inayamba ndi liti? Ndine mphunzitsi wopuma pa ntchito.

Yankho: Zikomo bambo aphunzitsi. Masiku onse atatuwo ndi oona, koma lililonse likukumbukira chinthu chake, ndipo chisokonezo chimabwera chifukwa mawu akuti wailesi timawagwiritsa ntchito pa zinthu ziwiri: luso lotumiza uthenga popanda waya, ndiponso mwambo woulutsa mawu ndi nyimbo pa nthawi yodziwika kwa aliyense amene ali ndi makina omvera. Luso loyambalo ndi lakale. Pa 12 Disembala 1901, a Guglielmo Marconi ali ku St John's pa chilumba cha Newfoundland, analengeza kuti amva chizindikiro chochokera ku Poldhu, ku Cornwall, kutsidya kwa nyanja ya Atlantic, koma chimene anamvacho chinali kugogoda katatu chabe, komwe ndi chilembo cha S pa kalembedwe ka Morse. Palinso nkhani yotchuka yakuti a Reginald Fessenden anaulutsa mawu ndi nyimbo usiku wa pa 24 Disembala 1906 kuchokera ku Brant Rock, ku Massachusetts, koma akatswiri a mbiri yakale amaikayikira chifukwa inayamba kumveka patapita zaka zoposa 20.

Mwambo wachiwiri uja unaphuka m'malo ambiri pa nthawi imodzi. Ku The Hague, a Hanso Idzerda anayamba kuulutsa nyimbo pa 6 Novembala 1919. Pa 15 Juni 1920 woimba wotchuka wa ku Australia, mayi Nellie Melba, anaimba pa fakitale ya Marconi ku Chelmsford ndipo anamveka m'mayiko angapo a ku Ulaya. Pa 20 Ogasiti nyuzipepala ya Detroit News inatsegula wailesi yake, imene pambuyo pake inatchedwa WWJ, ndipo patangopita sabata imodzi a Enrique Susini ndi anzawo anaulutsa sewero lanyimbo kuchokera ku nyumba ya zisudzo ya Coliseo ku Buenos Aires. Wailesi ya KDKA ya ku Pittsburgh, imene inatchulidwa kwambiri pa zikondwerero za 2020, inabwera pambuyo pa onsewa, pa 2 Novembala 1920, pamene inaulutsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti pakati pa a Warren Harding ndi a James Cox.

KDKA inatchuka chifukwa kumbuyo kwake kunali kampani yaikulu ya Westinghouse, imene inaona kuti anthu akugula makina omvera pofuna kumva zimbale zimene injiniya wake, a Frank Conrad, ankaika madzulo ali m'galaja kunyumba kwawo. Akuluakulu a kampaniyo anazindikira kuti njira yogulitsira mawailesi ndiyo kuwapatsa anthu chomvera tsiku lililonse. Wailesiyo ikuulutsabe pa dzina lomwelo, choncho ili ndi pakamwa podzikumbutsira, pamene ya a Idzerda inatseka mu 1924 ndalama zitawathera.

Chikondwerero cha 2022 chinali cha bungwe limodzi lokha. BBC inakhazikitsidwa pa 18 Okutobala 1922 ngati kampani ya opanga mawailesi, inayamba kuulutsa tsiku ndi tsiku ku London pa 14 Novembala chaka chomwecho, ndipo inasanduka bungwe la anthu onse pa 1 Januwale 1927, motsogozedwa ndi a John Reith. Tsiku la 13 Febuluwale linasankhidwa ndi UNESCO mu 2011 pokumbukira kukhazikitsidwa kwa wailesi ya United Nations mu 1946. Mutandikakamiza kuti ndisankhe, ine ndingatchule miyezi ya pakati pa Novembala 1919 ndi Novembala 1920, chifukwa kupatsa mzinda umodzi ulemu wonse n'kulanda anthu a ku The Hague ndi a ku Buenos Aires gawo lawo.

Funso: Akonzi, m'kalasi mwathu tinauzidwa kuti sewero lina la pawailesi linachititsa anthu a ku America kuthawa m'nyumba zawo poganiza kuti zolengedwa za ku Mars zafika kudzawononga dziko. Kodi zimenezi zinachitikadi? Ndine wophunzira za utolankhani.

Yankho: Sewerolo linaulutsidwadi, ndipo anthu ena anachitadi mantha, koma kukula kwa mantha amenewo kunakokomezedwa. Linamveka Lamlungu madzulo, pa 30 Okutobala 1938, pa wailesi ya CBS, ndipo analichita anali a gulu la Mercury Theatre on the Air, motsogozedwa ndi a Orson Welles, amene panthawiyo anali ndi zaka 23 zokha. Nkhaniyo inatengedwa m'buku la a H. G. Wells lotchedwa The War of the Worlds, la mu 1898, koma wolemba sewero, a Howard Koch, anaisamutsa ku England n'kuiika pa mudzi weniweni wa Grover's Mill ku New Jersey. Luso lake linali pa kakonzedwe: omvera ankamva nyimbo zovina, kenaka muulutsi n'kudula nyimbozo ndi nkhani yangozi, nyimbo n'kubwerera, n'kudulidwanso, mpaka mtolankhani wa m'sewerolo anamveka akufotokoza moto ndi kufuula kwa anthu, mawu ake n'kuzima mwadzidzidzi. Popeza pulogalamuyo inalibe wotsatsa malonda, panadutsa mphindi pafupifupi 40 popanda chowakumbutsa omvera kuti ili ndi sewero, ndipo amene anatsegula wailesi mochedwa sanamve chilengezo choyambirira.

Kumbukiraninso nyengo imene anthuwo anali. Mwezi wa Seputembala chaka chomwecho mapulogalamu ankadulidwa kawirikawiri ndi nkhani za mkangano wa Adolf Hitler ndi dziko la Czechoslovakia, womwe unathera pa mgwirizano wa ku Munich, choncho khutu la omvera linali litazolowera kuti nyimbo ikadulidwa ndiye kuti kwagwa zoopsa. Ena mwa amene anachita mantha usikuwo ankaganiza za asilikali a ku Germany, osati za Mars. Matelefoni a apolisi ndi a nyuzipepala analira kwambiri, ndipo m'mawa mwake nkhaniyo inali pa tsamba loyamba la New York Times ndi nyuzipepala zina zambiri.

Tsopano taonani manambala. Usiku womwewo kampani ya C. E. Hooper, imene inkawerenga omvera, inaimbira telefoni nyumba 5,000, ndipo nyumba ziwiri zokha pa 100 zilizonse ndi zimene zinayankha kuti zikumvera sewerolo. Ambiri anali pa NBC, kumene a Edgar Bergen ankaseketsa anthu ndi chidole chawo cholankhula chotchedwa Charlie McCarthy. Chiwerengero chimene chimatchulidwa m'mabuku ambiri, chakuti anthu pafupifupi 6 miliyoni anamva ndipo oposa 1 miliyoni anachita mantha, chinachokera m'buku la a Hadley Cantril a ku Princeton la mu 1940, limene linadalira mafunso ofunsidwa patapita masabata, nyuzipepala zitafalitsa kale nkhaniyo. Ofufuza a masiku ano amakumbutsanso kuti m'zaka zimenezo wailesi inali itayamba kulanda nyuzipepala ndalama za otsatsa malonda, choncho eni nyuzipepala anali ndi chifukwa choonetsera wailesi ngati chida chosadalirika. Inu amene mukuphunzira utolankhani, ndikupemphani kuti mukayang'ane mbali imeneyi, popeza atolankhani a usikuwo anasindikiza mphekesera za anthu othawa ndi ovulala asanazitsimikize.

A Welles anapepesa pamaso pa atolankhani tsiku lotsatira, ndipo pasanathe miyezi iwiri pulogalamu yawo inapeza wotsatsa malonda, kampani ya Campbell. Kumene sewero lotereli linabweretsa maliro enieni ndi ku Quito, ku Ecuador, pa 12 Febuluwale 1949, pamene wailesi ya kumeneko inalichita m'Chisipanishi n'kutchula malo a m'dzikolo. Anthu atazindikira kuti anamizidwa anatentha nyumba imene munali wailesiyo pamodzi ndi nyuzipepala ya El Comercio, ndipo anthu angapo anafera momwemo.

Funso: Akonzi, ine ndimakonda masewero opitirira, aja amathera pokoma n'kukusiya ukudikira mawa. Mwana wanga akuti pa Chingelezi amatchedwa soap opera. Kodi sopo akubwera bwanji pa nkhani ya masewero, nanga limene lakhalitsa kuposa onse ndi liti? Ndine mayi wa ana anayi.

Yankho: Mayi, mwana wanuyo wanena zoona, ndipo sopoyo ndi weniweni, wochapira zovala. Ku America wailesi sinkalandira ndalama za laisensi kwa omvera monga zinalili ku Britain, choncho inkadalira otsatsa malonda, ndipo m'zaka za m'ma 1930 kampani inkagula nthawi yonse ya pulogalamu n'kukhala mwini wake wa sewerolo. Masana, omvera ambiri anali amayi ogwira ntchito zapakhomo, omwenso ndi amene ankasankha sopo wogula, ndiye makampani monga Procter & Gamble, Colgate ndi Lever Brothers anayamba kulipirira masewero a mphindi 15 omveka Lolemba mpaka Lachisanu. Nkhani zake zinkayenda pang'onopang'ono mwadala, ndipo ochita sewero ankabwerezabwereza zimene zachitika, kuti mayi amene watuluka kukayanika zovala asatayike akabwerera.

Mayi Irna Phillips, amene poyamba anali mphunzitsi, ndiwo amatchedwa mayi wa masewero amtunduwu, kuyambira pa Painted Dreams limene analemba mu 1930 pa wailesi ya WGN ku Chicago. Lina lotchuka linali Ma Perkins, lonena za mayi wamasiye wogulitsa matabwa, limene linayamba mu 1933 potsatsa sopo waufa wa Oxydol. Amene ankayankhula ngati mayi wachikulireyo, a Virginia Payne, anali mtsikana wosakwana zaka 30 pamene ankayamba, ndipo anagwira ntchitoyo zaka 27, magawo oposa 7,000, mpaka pa 25 Novembala 1960. Omvera sankamuona, choncho aliyense ankadziumbira yekha nkhope ya gogoyo m'mutu mwake.

Pa funso lanu lachiwiri, ku America limene linakhalitsa ndi Guiding Light, lolembedwanso ndi mayi Phillips, limene linayamba pa wailesi pa 25 Januwale 1937, linalowa pa kanema pa 30 Juni 1952, n'kutha pa 18 Seputembala 2009 litayenda zaka 72. Komabe The Archers la BBC lalidutsa, popeza linayamba kumveka m'dziko lonse la Britain pa 1 Januwale 1951 ndipo likupitirirabe, magawo ake atapitirira 20,000. Sewero limeneli silinayambe ndi sopo. Linayambitsidwa ndi a Godfrey Baseley pofuna kuphunzitsa alimi njira zamakono pa nthawi imene chakudya chinali chogawidwa moyeza nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, ndipo malangizo a zaulimi ankalowetsedwa m'macheza a anthu a m'mudzi wopeka wa Ambridge. Anthu analikonda kwambiri moti usiku wa pa 22 Seputembala 1955, pamene kanema woyamba wamalonda wa ITV ankatsegulidwa, nkhani imene inali m'kamwa mwa ambiri inali imfa ya Grace Archer, amene anafa atapsa m'khola la akavalo m'sewerolo. Mmodzi mwa amene analiyamba, mayi June Spencer, anapuma mu 2022 ali ndi zaka 103. Mukachotsa masewero n'kuwerenga mapulogalamu onse, ya nyimbo yotchedwa Grand Ole Opry ya ku Nashville ili m'gulu la akale kwambiri, popeza inayamba pa wailesi ya WSM pa 28 Novembala 1925.

Funso: Akonzi, tinatsutsana kuntchito. Mnzanga akuti wailesi yakanema inapangidwa ndi munthu wa ku Scotland, koma ine ndinawerenga kuti anali mnyamata wa pafamu wa ku America. Wolondola ndani? Ndine wokonza zipangizo zamagetsi.

Yankho: Achimwene, nonse awiri mwagwira mbali ya choonadi, ndipo popeza ndinu amisiri ndifotokozako momwe makinawo ankagwirira ntchito, chifukwa yankho lili pamenepo. Chithunzi sichingadutse chathunthu mu waya kapena m'mlengalenga. Chiyenera kudulidwa m'mizere, kuwala kwa kachigawo kalikonse n'kusandutsidwa mphamvu ya magetsi, kenaka kutsidya n'kuumbidwanso mofulumira kwambiri moti diso silizindikira. Funso linali lakuti chodulacho chikhale chiyani.

Wa ku Scotland uja ndi a John Logie Baird, ndipo iwo anagwiritsa ntchito chimbale chozungulira chokhala ndi timabowo tondandalikidwa mokhota, nzeru imene a Paul Nipkow a ku Germany analembetsa mu 1884. Mu Okutobala 1925 anatha kuonetsa nkhope ya chidole chimene ankachitcha Stooky Bill, chomwe ankayesera chifukwa nyali zake zinali zotentha koopsa, kenaka anaitana mnyamata wogwira ntchito mu ofesi ya pansi pawo, William Taynton, kuti akhale pampandopo. Pa 26 Januwale 1926 anaonetsa makinawo kwa akatswiri a bungwe la Royal Institution m'kachipinda ka pa 22 Frith Street ku London, ndipo tsiku limeneli ndilo limakumbukiridwa ku Britain ngati kubadwa kwa kanema. Chithunzicho chinali cha mizere 30 yokha, chaching'ono ndiponso chophethira, koma inali nkhope ya munthu ikuyenda. Mu 1928 anachitumiza kuchokera ku London mpaka ku New York.

Wa pafamu uja ndi a Philo Farnsworth, amene anakulira pafupi ndi Rigby ku Idaho. Iwo anaona akadali pasukulu kuti chimbale sichingazungulire mofulumira kokwana kupereka chithunzi chooneka bwino, ndipo kuti ntchitoyo iyenera kugwiridwa ndi magetsi okha m'chubu chagalasi, popanda chozungulira chilichonse. Pa 7 Seputembala 1927, ali ndi zaka 21, anaonetsa mzere umodzi wowongoka pa makina awo ku San Francisco. Kampani yaikulu ya RCA, imene inali ndi katswiri wake, a Vladimir Zworykin, inalimbana nawo pa za umwini wa nzeruyo, koma mu 1935 chigamulo chinakomera a Farnsworth, ndipo mmodzi mwa mboni zawo anali mphunzitsi wawo wakale, a Justin Tolman, amene anakumbukira zimene mnyamatayo anamujambulira. Mu 1939 RCA inavomera kumawalipira. Tisaiwalenso a Kenjiro Takayanagi a ku Japan, amene mu Disembala 1926 anaonetsa chilembo chimodzi cha Chijapani pa chubu chagalasi, ngakhale kuti mabuku ambiri a Azungu sawatchula.

Njira ziwirizi zinakumana maso ndi maso ku Alexandra Palace, kumpoto kwa London, pamene BBC inatsegula kanema wake pa 2 Novembala 1936. Sabata ina ankagwiritsa ntchito makina a Baird a mizere 240, sabata yotsatira a kampani ya Marconi-EMI a mizere 405, oyendera magetsi okha. Pofika Febuluwale 1937 a Baird anali atagonja. Dziko la Germany linali litayamba kale pa 22 Malichi 1935 ndi mizere 180, anthu akuonera m'zipinda za gulu, ndipo ku America NBC inayamba pa 30 Epulo 1939 poonetsa a Franklin Roosevelt akutsegula chionetsero chachikulu ku New York. Mukamuuze mnzanuyo kuti a Baird ndiwo anayamba kuonetsa nkhope yamoyo, koma chubu chimene mwakhala mukukumana nacho mukatsegula kumbuyo kwa makanema akale chinabwera kudzera m'njira ya a Farnsworth, a Zworykin ndi akatswiri a EMI.

Funso: Akonzi, kodi n'zoona kuti kanema wa BBC anazimitsidwa nthawi yonse ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse? Ndine wokonda mbiri yakale.

Yankho: N'zoona. Anazimitsidwa masana a pa 1 Seputembala 1939, tsiku limene Germany inalowa m'dziko la Poland, poopa kuti mafunde ochokera pa mlongoti wa ku Alexandra Palace angalondolere ndege zoponya mabomba ku London. Panthawiyo makanema anali m'nyumba pafupifupi 20,000 zokha. Chomaliza kuonetsedwa chinali katuni ya Mickey Mouse, ndipo pamene anatsegulanso pa 7 Juni 1946, muulutsi mayi Jasmine Bligh atapereka moni, anaonetsanso katuni yomweyo. Chimene chinadzadzaza makanema m'nyumba za ku Britain ndi mwambo woveka ufumu Mfumukazi Elizabeth yachiwiri pa 2 Juni 1953, umene anaonera anthu oposa 20 miliyoni, ambiri ataunjikana kwa anansi awo.

Funso: Akonzi, anthu amati kanema ndiye anapha masewero a pawailesi ku America. Kodi pali tsiku limene tinganene kuti nyengo imeneyo inatha? Ndine gogo womvera wailesi usiku uliwonse.

Yankho: Agogo, tsikulo lilipo, ndipo okonda mapulogalamu akale amalikumbukira chaka chilichonse. Ndi pa 30 Seputembala 1962, pamene CBS inaulutsa magawo omaliza a masewero a Suspense ndi Yours Truly, Johnny Dollar. Komabe matendawo anayamba kale. Mu 1950 nyumba 9 zokha pa 100 zilizonse za ku America zinali ndi kanema, koma pofika 1960 zinali pafupifupi 87, ndipo otsatsa malonda, amene anali eni mapulogalamu, anatsatira anthu kumene anapita. Kanema sanayambe ndi zake. Anatenga cholowa cha wailesi: a Jack Benny, The Lone Ranger, Dragnet ndi Gunsmoke onse anasamuka, ndipo I Love Lucy, imene inayamba pa 15 Okutobala 1951, inaphuka pa sewero la pawailesi limene mayi Lucille Ball ankachita kuyambira mu 1948.

Chimene chimandikhudza ine pa kusamukaku ndi zimene diso linakana pamene khutu linali litazilandira kwa zaka zambiri. A William Conrad anali mawu a Matt Dillon mu Gunsmoke kuyambira 1952 mpaka 1961, mawu akuya ndi aulamuliro, koma pa kanema udindowo unapatsidwa kwa a James Arness, munthu wamtali, chifukwa a Conrad anali onenepa. Nkhani yolemera kuposa imeneyi ndi ya Amos 'n' Andy, sewero lanthabwala lonena za amuna awiri akuda, limene linayamba ku Chicago mu 1928 n'kutchuka m'dziko lonse. Amene ankayankhula anali azungu awiri, a Freeman Gosden ndi a Charles Correll, akuyerekeza kalankhulidwe ka anthu akuda m'njira imene ambiri mwa anthu akudawo ankaiona kuti ndi yonyoza. Litafika pa kanema mu 1951 panafunika azisudzo akuda enieni, koma bungwe la NAACP, lomenyera ufulu wa anthu akuda ku America, linalitsutsa mwamphamvu, ndipo CBS inasiya kulijambula mu 1953. Amene amasimba za nyengo imeneyo ngati yokoma yokhayokha ayenera kuwerengeranso zimenezi.

Wailesi yokha sinafe. Mu 1954 kunatuluka kawailesi kam'manja ka Regency, koyendera batire, ndipo wailesi inachoka pabalaza n'kupita m'galimoto, m'khitchini ndi m'thumba la wachinyamata, ikuulutsa nyimbo, nkhani ndi mpira. Ku Britain, kumene BBC sinkadalira otsatsa malonda, masewero a pawailesi sanaleke n'komwe.

Funso: Akonzi, malemu bambo anga anasiya bokosi la matepi akale amene ankajambula pa wailesi. Kodi ali ndi phindu, popeza ndikuganiza kuti nyumba zoulutsira mawu zinasunga zonse? Ndine mwana wawo woyamba.

Yankho: Chonde musawataye, chifukwa nyumba zoulutsira mawu sizinasunge zonse ayi. Ngakhale mawu a KDKA a usiku wa chisankho cha 1920 sanajambulidwe, ndipo zimene zimamveka pa zikondwerero ndi zoyerekeza zimene zinakonzedwa pambuyo pake. Mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, NBC ndi CBS zinkakana kuulutsa mapulogalamu ojambuliratu, moti azisudzo ambiri ankachita sewero limodzi kawiri usiku umodzi, koyamba kwa omvera a kum'mawa kwa dzikolo, kachiwiri kwa a kumadzulo kumene nthawi imatsalira ndi maola atatu. Zimene zinapulumuka zinajambulidwa pa zimbale zazikulu za masentimita 40, zolowa mphindi 15 mbali imodzi, kawirikawiri pofuna kuti wotsatsa malonda atsimikize kuti katundu wake watchulidwa. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse aluminiyamu amene ankapangira zimbalezo anapita kopangira ndege, zimbalezo n'kumapangidwa ndi galasi, ndipo zambiri zinasweka. Zina zinasungika chifukwa wailesi ya asilikali a America, imene inayamba mu 1942, inkazitumiza kwa asilikali kunja. Amene anathyola lamulo lija lokana kujambuliratu ndi woimba Bing Crosby, yemwe anasamukira ku ABC mu 1946 kuti azijambuliratu, kenaka anaika ndalama zake mu kampani ya Ampex kuti ipange makina a tepi potengera amene a John Mullin anabwera nawo kuchokera ku Germany.

Kanema anataya zambiri kuposa wailesi. Poyamba njira yokhayo yosungira inali kuloza kamera ya filimu pa galasi la kanema. Tepi ya zithunzi itabwera mu 1956 inali yodula, choncho inkafufutidwa n'kujambulidwanso, ndipo BBC inapitiriza mchitidwe umenewu mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Ichi n'chifukwa chake magawo oposa 90 a sewero la BBC lotchedwa Doctor Who, limene linayamba pa 23 Novembala 1963, akusowabe. Ambiri mwa magawowo mawu ake okha ndiwo alipo, ndipo alipo chifukwa oonera anzathu ankawajambula kunyumba ndi matepi ngati a bambo anuwo. Mu 2013 magawo asanu ndi anayi amene anali atasowa anapezeka m'chipinda chosungiramo katundu pa wailesi yakanema ya ku Jos, ku Nigeria, kumene mafilimuwo anafika pamene BBC inkagulitsa mapulogalamu ake kunja. Ngakhale zimbale zimene a Baird anayesa kujambulapo zithunzi mu 1927 ndi 1928, n'kulephera kuzionetsa bwino iwo ali moyo, zinadzawerengedwa ndi kompyuta m'zaka za m'ma 1980 ndi a Donald McLean, nkhope za anthu a nthawiyo n'kuonekanso.

Matepi anuwo muwasunge pamalo ouma, ozizira, kutali ndi dzuwa ndi maginito a zokuzira mawu, ataimikidwa ngati mabuku. Musawayese pa makina amene akhala zaka osagwira ntchito, popeza tepi yakale imamata ndipo ikhoza kuduka kapena kusupuka pa ulendo woyamba womwewo. Zimene bambo anu analemba pa mabokosi, makamaka masiku ndi mayina a mapulogalamu, muzikopere m'kope musanachite china chilichonse, kenaka mufunse ku nyumba yosungira mbiri yakale kapena ku wailesi imene ankajambulayo ngati ali ndi katswiri woti awasamutsire pa kompyuta.